Dalecha Ndi wa Yani?

Okondedwa achimwene anga, Gashe Tefera,

Mundikhululukire pokuvutitsani ndi kalata, inu amene mumachezera ntchito ya ulonda ku Bahir Dar kumeneko ndipo masana mumafuna kugona. Ndikanakuimbirani, koma foni ya pakhomo pano imakhala m'thumba mwa alamu anu a Mekuriaw, amuna anga, ndipo nkhani iyi sindingaiyankhule iwo akumva.

Muli bwanji? Bondo lija linasiya kutupa? Nanga alamu anga Weizero Birtukan ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo, Mulungu ndi Mariya Woyera akutisunga. Amayi maso akunka nafooka koma akudya. Ana onse anayi ali bwino, kungoti Tsehay akutsokomola. Ng'ombe yanu Dalecha yanenepa kuposa tonsefe, ndipo ndi chifukwa cha iyo ndagwira cholembera.

Mukudziwa kuti munda umene anatisiyira bambo sutidyetsa chaka chonse. Chimene chimatiwolotsa ndi thandizo la boma lija. Ine ndimasenza miyala yomangira milambala m'phiri, ndipo kuyambira Januwale mpaka mvula itagwa timalandira tirigu ndi mafuta, nthawi zina ndalama. Sindinajombepo tsiku la ntchito, ngakhale nthawi ija ndinali ndi pakati pa Tsehay.

Chaka chatha a Mekuriaw anakongola ndalama ku bungwe losunga ndi kubwereketsa, n'kugula chigayo chakale cha dizilo. Nditawafunsa kuti apereka chikole chanji, anati mkazi asamaike mphuno mu injini. Chigayo chinagaya miyezi ingapo, iwo n'kuyamba kuyenda ndi sipanala m'thumba ngakhale kutchalitchi, mpaka anthu anawatcha a injiniya. Kenako magetsi anafika kutsidya kwa mtsinje, munthu wina anaika chigayo chotsika mtengo, ndipo amayi onse anawolokera komweko ndi tefi wawo, mbewu yathu ya ufa ija. Injini yathu nayo inafa. Mwezi watha a bungwe anatseka chitseko ndi loko wawo, nagulitsa injini, sikelo, migolo, ngakhale benchi yokhalira anthu. Zonsezo sizinakwane theka la ngongole.

Patapita masiku, mlembi wa bungwe, Ato Sisay, anabwera pakhomo. Sanalowe kumwa khofi. Anangolunjika kukhola n'kuyamba kuyang'ana mano a Dalecha. Ndinamuuza mwaulemu kuti ng'ombeyo ndi ya achimwene, ife timangoisunga, timalimira, ndipo inu timakupatsani gawo lanu tikakolola. Iye anaseka, akuti ndiye ndikafunse bambo a m'nyumba chimene anakachita nayo pabwalo la bungwe tsiku lamsika.

Achimwene, tsikulo ndikulikumbukira. Anandiuza kuti akupita nayo kukabayitsa katemera, ndipo ine ndemwe ndinaipukuta msana. Osadziwa anakaiimika pamaso pa mboni, nalumbira pa dzina la Gabrieli Woyera kuti ndi yawo. Chikole chija ndi Dalecha.

Vuto silinathere pomwepo. Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi kunali msonkhano wa kebele, wa dera lathu lonse, uja amatchula mayina a olandira thandizo kuti mudzi uvomereze. Atafika pa dzina langa, Weizero Asnakech anaimirira. Mwana wake wakhala akudikira malo pa mndandanda wa thandizo kwa nthawi yaitali. Anafunsa kuti zinayamba liti kuti mkazi wa a injiniya azidya tirigu wa amphawi. Akuti pakhomo pali ng'ombe yonona ngati ya bwanamkubwa, mwini wake analumbira yekha, nanga iwo amene amalima ndi khasu akadye miyala? Wina kumbuyo anakuwa kuti a injiniya agaye kaye ngongole, ufa wake tidzagawana. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Lamulo lake ndi loti banja likakhala ndi ng'ombe yolimira amalichotsa. Iwo amati banjalo lamaliza maphunziro. Ine amene ndinalekezera kalasi yachinayi, lero andimalizitsa maphunziro ndi ng'ombe ya mwini.

Ndinaimirira, ndinanena kuti Dalecha ndi wanu. Wapampando wa komiti anati dzulo inali ya mwamuna, lero ya mlongo, mawa tidzamva kuti ndi ya Gabrieli yemwe uja anamulumbirira. Akuti mwini wake weniweni abwere adzayankhule ndi pakamwa pake komiti ikadzakumananso, Lachinayi lotsatira Timkati, chikondwerero cha ubatizo wa Ambuye. Akapanda kubwera, dzina langa lichoka. Nthawi yonseyi a Mekuriaw anali atafunda gabi, nsalu yawo yochindikala ija, mpaka m'mphuno.

Kunyumba ndiye anayankhula. Anandigwira mwendo, chinthu chimene sanachitepo. Akuti ndikupempheni munene kuti ng'ombeyo munatipatsa ngati mphatso. Mukatero bungwe liitenga, ngongole itsala pang'ono, ndipo iwo sadzatchedwa wolumbira zabodza. Akuti adzakugulirani ina zinthu zikayenda. Nditawafunsa kuti ana adzadya chiyani dzina likachoka, anati Mulungu amene anang'amba pakamwa sadzalephera kuikapo chakudya. Ndinawayankha kuti ndi yemweyo amene anamunamiza tsiku lamsika. Chiyambire pamenepo sitikuyankhulana.

Ndafufuza bwinobwino, chifukwa sindifuna kukulemberani zongomva. Mukanena kuti Dalecha ndi wanu, bungwe silingaitenge, ndipo dzina langa likhala. Ndinafunsanso ngati bungwe lingalande tirigu wathu chifukwa cha ngongole ya mwamuna. Akuti silingathe, popeza khadi lili m'dzina langa. Koma a Mekuriaw adzakhala ndi mlandu wopereka chikole cha mwini. Ato Sisay sanabise, akuti zikatero nkhaniyo ipita kupolisi, ndipo ena anagonapo m'ndende pa mlandu wotere.

Mukanena kuti munatipatsa, iwo apulumuka. Koma inu mwataya ng'ombe imene munaigwirira ntchito zaka zambiri, ife tataya tirigu, ndipo mvula ikadzagwa tidzalima ndi chiyani? Ndapima m'nkhokwe ndi mkono wanga kawiri, kuopa kuti ndalakwitsa. Zimene zilimo zitifikitsa pakati pa kusala kwakukulu basi. Pasaka adzatipeza tili kale pa kusala kwina kumene ansembe sanalamule.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Bwerani mudzanene zoona. Sindikupempha ndalama. Wansembe wathu Abba Gebremedhin analipo tsiku munagula Dalecha, ndipo avomera kuima nanu.

Ndikudziwa kuti a Mekuriaw simunawakondepo chiyambire tsiku la ukwati wathu. Chonde musadzawanyoze pagulu, ndipo ndodo yanu mudzaisiye kwa amayi. Si munthu woipa. Anatopa ndi kuona mkazi wake akusenza miyala, anafuna kuti tsiku lina anthu adzamudzukire pampando. Ndi bambo wa ana anga, ndipo sakudziwa kuti ndalemba zosiyana ndi zimene anandituma. Apolisi akadzawatenga, ndine ndemwe ndizidzayenda wapansi kukawapatsa chakudya, ndipo mkate wake udzakhala wa tirigu yemweyo. Kaya adzandikhululukira kaya ayi, adzapeza ana onse anayi ali moyo.

Mundiperekere moni kwa Weizero Birtukan, mupsompsone ana m'malo mwanga. Amayi akuti mubwere ndi mankhwala a m'maso aja. Sindinawauze zambiri. Mulungu wa makolo athu akutchinjirizeni pa ntchito ndi panjira.

Yankho lanu lindipeze Timkati isanafike. Mumupatse kondakitala yemweyu amene wakupatsani kalatayi, ndipo mumuuze akasiye kwa amayi, osati kwathu. Ngati simubwera, mundiuzenso msanga, kuti ndiyambe kuchepetsa muyezo wa ufa ana asanazindikire.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Ayalnesh