Amalume a Wilbroad Daka, dzina lanu ndalilandila

Lelo zakwana zaka zitatu chitisiyileni, amalume. Chimanga chakololedwa katatu ku Kalindawalo inu kulibe.

Chithunzi chili pamwambapa ndi chija munatitumizila muli ku Mangalande. Chijasi chachikulu, ngati chobweleka. Asankha ndi amai anga, alongo anu a Sophia. Ine ndinafuna cha pa njinga. Iwo akuti pa njinga muoneka wodwala kale. Ndawasiya.

Wolemba ndine Febian, mwana wa mlongo wanu. Uja wa lole. Munkati popeza ndinabadwila pafupi ndi njanji ku Broken Hill, sitima inandilowa m'miyendo. Kulemba sindidziwa bwino. Koma banja lati ndilembe ine, ndipo chifukwa chake muchimva.

Anthu ambili sanamvetse zimene munkaphunzila. Nanenso poyamba sindinamvetse. Munayamba ngati womasulila milandu pa khoti ya pa Boma ku Petauke. Munakakamila mabuku mpaka anakutumizani kutsidya kwa nyanja. Munabwelako ndi digili ya malamulo. Tinapha mbuzi. Tinati basi, loya tamupeza, akavale mkanjo wakuda ku Lusaka. Inu munati simunathe. Munabwelela kukatenga digili yachiwili, ya chinthu chimodzi chabe: malamulo a malo ndi a chuma cha masiye. Munthu akafa, munda ndi wa yani. Zaka zonsezo, funso limodzi.

A Abednego, akulu a banja lathu, anafunsa ngati n'koyenela kukwela sitima ya pamadzi kukafunsa azungu chinthu chimene nkhalamba iliyonse ya ku Ndake idziwa. Munaseka mpaka kutsokomola. Munati azunguwo sadziwa, ndiye mupita kukawauza, kuti polemba malamulo asalembe zongomva m'maluwa. Anzanu a m'tauni nawo ankakunenani. Dziko lili pamoto ndi nkhani ya boma la Chitaganya, inu muli kufunsa za makasu a anthu akufa. Munawayankha kuti Chitaganya chidzatha, koma anthu sadzaleka kufa ndi kusiya ana.

Gwelo lake amai anandiuza inu mutapita. Atate anu atamwalila, ana a alongo awo anabwela n'kutenga zonse, monga mwa mwambo wathu. Inu, amai anga ndi agogo munatuluka ndi mphasa ndi khasu limodzi. Simunandiuzepo. Ndipo mwambowo simunaude. Tsiku lina pa lole, tikutsika ku Kacholola, munandifotokozela. Kale munda unkatopa, anthu n'kusamuka. Cholowa chinali nkhwangwa ndi uta, ndipo ana anali ndi malume wawo wowalela. Manje kwabwela mafamu. Zitsa zazulidwa, nyumba ndi ya njelwa, pali ng'ombe ndi chitsime. Thukuta ndi la mkazi ndi ana. Famu sisamuka. Munati mwambo uli ngati malaya amene anasokela mwana: malaya sanalakwe, koma mwana wakula.

Tikumbukila zambili. Nshawa zokazinga m'thumba la jekete, makoko ponseponse. Kuvula nsapato pofika pa khomo la nkhalamba, n'kukhala pansi pa dothi, digili yonseyo. Chinsenga chanu chinabwelako ku Mangalande chozama kuposa cha ife otsala. Changa munkachiseka, kuti ndi ndiwo zosakaniza za pa msika, Chibemba pang'ono, Chizungu pang'ono, mchele palibe. Pa ukwati anthu akuvina, inu mwakokela atate a mkwati pambali, kufunsa kuti mkamwiniyu akamanga nyumba kuno, nanga akafa? Mpaka dzina linakukhalani. A Nanga-akafa. Amai ena ankabisa amuna awo mukafika.

M'chilimwe cha 1959 munabwela kudzafunsa mafunso otsiliza. Munati mukamaliza midzi ya kumunsi kwa Ndake, mubwelela kukalemba. Munatsikila ku chigwa pa njinga. Kumeneko ntchentche ya kashembe inakulumani. Mutu unayamba, munati ndi malungo. Munamwa kwinini n'kupitiliza. Miyezi inapita. Kenaka munayamba kuodzela pakati pa funso. Nkhalamba ikuyankha, wofunsa wagona. Anthu anaseka poyamba. Anati Mangalande yakulemetsani zikope.

Ndine ndinakunyamulani pa Nyimba kupita nanu ku chipatala. Munthu amene simunkatseka pakamwa pa lole yanga. Ulendo wonse munatsamila chitseko. Ndinakamba ndekha. Ndinakufunsani za milandu, kuti mwina mudzuke munditsutse. Simunadzuke. Madokotala anati ndi kaodzela, ndipo wafika kale ku mutu. Anayesetsa. Mvula ya 1960 isanathe, munapita.

Manje imvani za kwanu.

Famu ija dzina ndi lanu, koma zitsa anazula ndi amake Christabel, akazi anu a Keziah, inu muli kutsidya. Aliyense adziwa. Malilo atatha, akulu analoza ine, mwana woyamba wa mlongo wanu. Famu, ng'ombe, nyumba ndi dzina, zonse zanga. Amake Christabel abwelele kwawo ku Ndake ndi ana awili, Christabel ndi Mildred. Ine ndinati sindifuna. Ndinayesa kuti kukana ndiko kuwasiyila. Ndinakwela lole. Ndola, Bulawayo, mpaka ku Beila ndinafika. Uthenga ukandipeza, yankho limodzimodzi: sindifuna.

Akulu anadikila. Amake Christabel nawo anadikila. Chaka chilichonse ankabzala osadziwa ngati adzakolola. Nkhokwe inagwa, sanamange ina. Anati munthu wa paulendo samanga nkhokwe.

Mwezi wa Epulo chaka chatha amai ananditsata okha ku Lusaka, pa basi, miyendo yotupa. Anati akulu atopa. Ngati ine sindifuna, cholowa chipita kwa Ezekiel, mwana wa alongo anu aang'ono. Ezekiel anali atayamba kale kuzungulila minda ndi kuyang'ana ng'ombe m'kamwa. Sindimunena. Ali ndi ana ambili, munda wake ndi wa miyala, ndipo mwambo uli kumbali yake. Koma nyumba ndi imodzi. Iye akalowa, ena atuluka. Amake Christabel ndi ana anapatsidwa nthawi mpaka thonje litathyoledwa.

Pamenepo ndinakumbukila zimene munkabweleza, zimene ndinkamva ngati phokoso la injini. Wokana cholowa sachipha, angochikankhila kwa wotsatila. Koma wolandila ndiye anena wolima.

Ndinapita. Tinakhala pa khonde la nyumba yanu, banja lonse. Ndinati ndalandila. A Abednego anaomba m'manja. Kenaka ndinati popeza famu ndi yanga, olima ndi amake Christabel, ogona m'nyumba ndi iwo, okolola ndi iwo ndi ana awo. Ezekiel anati ndachita chinyengo cha m'tauni. A Abednego anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti mwini chinthu saletsedwa kubweleketsa. Ezekiel ndinamulola ng'ombe ziwili pa nthawi yolima. Moni sandipatsa mpaka lelo.

A Abednego sanathele pomwepo. Anati kuti nkhani ife, ndikwatile msuweni wanga Christabel, chuma chikhale mbali zonse monga ankachitila makolo. Christabel ndi mwana wanu ndithu. Anagwada mwaulemu, n'kunena kuti sangakwatiwe ndi munthu amene nyumba yake ili ndi matayala, ndiponso nkhope yanga yomweyi ingamuthawitsile ana a sukulu akadzakhala mphunzitsi. Tonse tinaseka. Amake anaseka nawo. Kanali koyamba chichokeleni inu.

Koma mawu otele afuna mwini ali pafupi. Ndikasowa chaka chimodzi, nkhani idzauka. Choncho maulendo aatali ndaleka. Manje ndinyamula nshawa ndi thonje, Nyimba ndi Petauke, Petauke ndi Nyimba. Msewu umodzi, ngati mbuzi ya pachingwe. Malole a ku Lusaka akandipitilila, mtima umawatsata mpaka pa mlatho wa Luangwa. Ndimakhota ndithu n'kubwelela.

Sindikunamizani kuti ndakonza. Ndangochedwetsa. Mlongo wanga Jennipher ali ndi ana aamuna. Tsiku langa likadzafika, akulu adzaloza iwo, ndipo ana anu adzaimanso panja. Njila yokhalitsa ndiyo munapita kukaifuna inu. Ine ndidziwa magiya chabe. Pamenepa ndipo tikusowani koposa, amalume.

Dzina anandiveka mwezi watha. Amai anga amene anandibala manje anditchula alongo. Amatelo akuyang'ana kumbali. Ana anu anauzidwa kuti azinditchula atate. Christabel akuti ayesa chaka chamawa. Mildred anayesa dzulo, pobweletsa madzi osamba m'manja. Liwu linatuluka theka. Anaika mbale pansi n'kuthawila kuseli kwa nyumba. Amake anapitiliza kusenda nshawa, misozi ikugwela m'lichelo.

Pa msika wa Petauke munthu akaitana kuti a Daka, ine ndimacheuka kuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndimayesa mwafika.

Akulilani akazi anu a Keziah, amene sabata ino ayamba kuluka nkhokwe yatsopano. Akulilani ana anu Christabel ndi Mildred. Akulilani alongo anu onse awili, a Abednego, ndi Ezekiel yemwe, pakuti pa manda panu amalimila ndiye. Zikufunsani nkhalamba za ku Ndake, zimene zikuti simunamve yankho lonse.

Gonani mu mtendele wa Ambuye. Tingakuiwaleni bwanji, pamene dzina lanu liitanidwa pakhomo tsiku ndi tsiku?

Febian Njobvu, m'malo mwa banja lonse
Petauke, 1963