Njira Yandithawa

Lachiwiri, 4 Juni

Alendo atatu afika, onse aphunzitsi: amuna awiri ndi mayi wamagalasi. Akufuna njira yozungulira ija, yokwera mpaka pamsana pa phiri n'kutsikira mbali inayo. Masiku atatu. Alamu anyamula katundu, ine nditsogolera, monga ndachitira zaka 26.

Mayi a ana andipeza ndikusakasaka tochi ili m'manja mwanga momwe. Aseka. Nanenso ndaseka. Koma zotere n'kachitatu mwezi uno usanapite n'komwe patali.

Lachitatu, 5 Juni

Mtunda wokhawokha lero. Mitengo taisiya cha m'ma 11, kuchokera apo ndi thanthwe, udzu waufupi ndi mphepo yoboola jekete. Miyendo ilibe mlandu, achinyamatawa amachita kundipempha kuti ndiwadikire.

Mayi wamagalasi wafunsa dzina la nsonga ija yooneka ngati dzino. Ndatsegula pakamwa, zii. Nsonga imene ndinaikwera ndisanakwatire! Ndangoti, "Funsani alamu, ine ndine wa njira basi." Onse aseka.

Lachinayi, 6 Juni

Sindikufuna kulemba, koma ndilembe.

Nkhungu inatitsekera tili pamsana penipeni, phompho uku phompho uku. Tinafika pamulu wa miyala pamene njira imagawikana. Ndinaima. Sindinapadziwe. Osati kukayika ayi. Malo achilendo, ngati andiponya kuchokera kumwamba. Chonsecho miyala ina pamulupo ndinaunjika ndi manja angawa.

Manyazi ndiwo anandisankhira njira. Ndinakhotera kumanzere ngati munthu wodziwa, iwo pambuyo panga. Tinatsika pafupifupi ola lathunthu pathanthwe loterera. Mmodzi mwa amuna aja anaterereka, chigongono chinang'ambika, magazi chuchuchu. Akanapitirira pang'ono, bwenzi tikunena zina.

Alamu anali atatsalira ndi katundu, anatilondola pomva mawu. Anandikokera pambali. "Alamu, kuno n'kumathithi, kulibe njira. Mwalawa?"

Bola ndikanalawa.

Alamu anawauza alendowo kuti nkhungu yotere imasocheretsa ndi anyani omwe. Tinafika kukanyumba kogonamo titanyowa mpaka m'mafupa. Wovulala uja anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndawasamala. Kundithokoza ine!

Lachisanu, 7 Juni

Tatsika. Ndimangoponda pomwe aponda alamu.

Lolemba, 10 Juni

Kuchipatala, mochita kukokedwa ndi mayi a ana. Alamu anawauza zonse.

Adokotala ananditchulira mawu asanu, tinacheza zina, kenako anati ndiwabwereze. Ndinapeza awiri. Anandipatsa pepala kuti ndijambule wotchi. Manambala onse anakapanikizana mbali imodzi ngati nkhosa pamvula. Mayi a ana maso pansi.

Adokotala akuti ayezabe zina, koma zikuoneka kuti ndi matenda oiwala aja. Amayenda pang'onopang'ono, sabwerera m'mbuyo. Ndinafunsa za phiri. "Bambo, kukwera kwerani, koma osati nokha. Kutsogolera anthu ndiye ayi."

Nanga ine ndimadziwa chiyani china? Ngakhale kukhoma msomali ndimaitana munthu.

Lachiwiri, 11 Juni

Tsiku lonse pampando. Ndautembenuza kuti ndisamalione phirilo.

Lachinayi, 13 Juni

Alamu abwera masana, chipewa m'manja ngati abwera pamaliro. Loweruka kuli gulu la anthu asanu ndi atatu, ku ofesi akufunsa ine.

"Ndikawauze kuti bondo lavuta?"

Ndinati akawauze zoona. Ndinatuma mayi a ana kuti abweretse kope ndi cholembera.

"Za chiyani, alamu? Njira ndimaidziwa."

"Mumadziwa poponda. Kasupe wa kuseri kwa thanthwe lakuda mumamudziwa? Nanga phanga lobisalamo mphenzi zikayamba?"

Samazidziwa. Anakhala pansi. Ndinayamba kuwauza kuchokera pachipata: mtambo uti ndi wabodza, uti ngwobwerera nawo m'mbuyo, mwala uti umagwedera. Zina zimabwera zokha mpaka ndimadabwa. Zina ndimafika pakati, n'kundithawa, iwo n'kusiya mzere wopanda kanthu.

Titalemba masamba asanu ndi limodzi anatambasula zala. Anati dzanja latopa, tidzapitiriza sabata yamawa.

Ndinawagwira mkono. "Ayi, alamu. Lembani lero."