Ndabwereketsa Mkamwini Wanu

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko? Ndikhulupirira kuti pofika sanakubwezeni pachipata kuti mukabwere ndi amuna anu kapena kalata ya amfumu, chifukwa kuno zinthu zafika pamenepo.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu musanamukalipire munthu. Achimwene a Jasi ali ndi mwana wina, wamkazi. Mphuno watengera yanu yomwe, ndipo tamupepesa kale. Tadala wanga wakhoza mayeso, tsopano amandikonza Chingerezi pakhomo panga pomwe. Mapira a chaka chatha mbalame zinatisiyirako mwaulemu, koma chimanga cha kudimba mvuu zinakolola tisanapangane nazo tsiku. Mbuzi yanu yamakani ija idakalipo, yabereka awiri, onse amakani.

Tsopano khalani pansi. Ndabwereketsa mkamwini wanu. Inde, a Lufeyo, bambo a Tadala, a imvi zawo, owerenga zolengeza kutchalitchi aja. Ndawabwereketsa kwa mkazi wina, masanasana, malaya ndinawasitira ndekha. Musanatembenuke m'mandamo, imvani mmene zinayendera.

Mukumukumbukira Malita, wa ku Mozambique uja anafika pa nkhondo yakale ija mimba ili pakhosi, n'kuchirira m'khitchini mwathu? Ine ndinali kamtsikana, munandituma kumadzi kasanu kuti ndisaone. Kwawoko kwavutanso. Za ndale sindikuuzani, munkati ndale ndi mowa wa amuna, matsire amamva ndi akazi. Kungoti nyumba zapsa, kachipatala ka m'dera lawo katenthedwa, namwino wake anathawa ndi yunifolomu ili m'thupi. Miyezi iwiri yapitayo ndinangoona mtsikana ataima pabwalo pathu, kamtolo pamutu, pathupi pooneka kale. Ndi Rozina, chitsiriza wa Malita. Mwamuna wake Zuze anamukweza bwato, n'kubwerera kukatenga amayi ake okalamba. Anapangana kuti adzakumana kunyumba kwa inu azamba, chifukwa Malita asanamwalire ankawauza kuti zikadzavuta akawoloke, akafunse nyumba imeneyo.

Ndinayenera kumutengera kumanda kwanu, Amayi. Anagwada nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mama anati ndikafika pano basi ndafika." Ine ndi digiri yanga ya ku yunivesite ndinangoti, "Wafikadi." Sindinadziwe kuti ndikunama.

Lolemba lake ndinapita naye ku sikelo, pa kachipatala kathu kaja. Pakhomo pali bambo amene amandandalitsa amayi pamzere. Anamuyang'ana Rozina, n'kuyang'ana kumbuyo kwake ngati pali china chagwa.

"Abambo ali kuti?"

Ndinati abambo ali kunkhondo, kapena m'tchire, kapena komwe muli inuko, sitikudziwa.

"Oyamba sikelo amabwera ndi amuna awo, madamu. Apo ayi, kalata ya amfumu."

Lamuloli munalisiya likuyamba kumene. Akuti analiika kuti amuna azitengapo mbali pa uchembere. Ganizo lake ndi labwino, ndipo papepala limakoma ngati nyimbo. Koma amene analipanga anaiwala kuti kuli amuna ena amene sanabwere chifukwa kumbuyo kwawo kukulira mfuti. Ndinayesa Chingerezi chija munandigulitsira mbuzi. Ndinatchula ufulu, ndinatchula malamulo a dziko, ndinafunsa kuti lamulo lawolo linalembedwa m'buku liti. Bambo uja anamvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza, n'kuti, "Mwalankhula zomveka, madamu. Wotsatira!"

Kwa amfumu anatilandira bwino, anatipatsa ndi mpando. Anati akanakonda kulemba, koma angachitire bwanji umboni munthu amene sali m'kaundula wawo? Akalembe amfumu akwawo. Amfumu akwawowo, tamva, nawonso ali pamzere wa phala kumsasa wa othawa. Kumsasako kumabwera anamwino a m'tenti masiku ena, ndiye ndinapita kukafunsa. Anati iwo amathandiza amene analembedwa kuti akukhala mumsasa. Rozina akukhala m'nyumba, choncho si wawo. Mwamva, Amayi? Kumudzi si wawo chifukwa ndi wakutsidya. Kumsasa si wawo chifukwa tinamulandira. Tikanamusiya agone panja akanakhala ndi mwayi.

Musaganize kuti palibe amene akusamala. Magalimoto oyera a mabungwe abwera katatu. Amatsika anthu aukhondo, botolo la madzi m'manja, ena ndinaphunzira nawo kalasi imodzi. Anamukhazika Rozina pansi pa mtengo wa mango n'kumufunsa mavuto amene amayi oyembekezera othawa nkhondo amakumana nawo. Anayankha zonse. Anamuthokoza kwambiri, anamujambula, anati mfundo zake zikathandiza pa msonkhano. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamugwira pamimba. Ndinakumbuka tsiku ndinabwera ndi gauni yanga ija, inu n'kundiseka kuti, "Sukulu yakoyi, Dorika, idzakuphunzitsa kufunsa munthu dzina akumira." Ndinakwiya tsiku lija. Lero ndabweza mkwiyowo.

Ndinaganizapo zoti angochirira pakhomo, monga mayi ake. Koma manja anu munapita nawo. Ndiponso mukudziwa kuti uzamba wa m'mudzi anauletsa, wochirira kunyumba amalipitsidwa mbuzi. Kuchipatala asalowe, kunyumba asachirire. Mwina amafuna mwanayo adikire m'mimbamo mpaka kutsidya kutakhala mtendere.

Nzeru anandipatsa ndi mayi wogulitsa usipa pamsika. Anati, "Aphunzitsi, inu mumavutika ndi kuwerenga. Simukuwaona akabaza aja pansi pa mtengo pafupi ndi chipatala? Amenewo ndi amuna obwereka. Umamugulira tiyi, amalowa nawe, amagwedeza mutu, mwatha." Akuti mmodzi wa iwo mwezi umenewo anali atakhala kale bambo wa mimba zinayi. Ndinati ayi, mwana wa Malita sangalowe ndi munthu wonunkha thukuta la njinga pomwe ine ndili naye wanga pakhomo, wongokhala, wobatizidwa.

A Lufeyo anakana masiku awiri. Anati ndi bodza, ndipo bodza ndi tchimo. Ndinawafunsa kuti maliro a mayi ndi mwana adzawalengeza ndi mawu ati. Tsiku lachitatu anafunsa kuti malaya oyera ali kuti. Chimene sindinawauze n'chakuti kumeneko amayeza magazi onse awiri. Mukudziwa mmene amaopera jakisoni. Rozina akuti a Lufeyowo pobayidwa pachala anaitana dzina lanu, osati la amayi awo.

M'chipindamo anapezamo namwino wamkulu uja munkakangana naye nthawi yoletsa azamba, yemwenso anandichiritsa Tadala. Anawayang'ana a Lufeyo pamwamba pa magalasi.

"A Lufeyo, mwatikulira. Amayi a Tadala akudziwa?"

"Anditumiza ndi iwowo," anatero mkamwini wanu, maso ali pansi.

Namwino sanaseke. Anatsegula kabuku ka sikelo, analemba zonse ndi bolopeni, koma atafika pa mzere wa dzina la bambo anaika bolopeni pansi n'kutenga pensulo. Anati, "Mwini wake akabwera mudzafufute." Ndamukhululukira mayi ameneyu zonse zimene munkamunena, ndipo nanunso mumukhululukire.

Kenako anamugoneka Rozina n'kumugwira pamimba. Apa ndiye pamene ndikupsera mtima mpaka lero. Mwana wagona chopingasa, Amayi. Magazi ndi ochepa, zikope zoyera ngati ufa. Mwezi ndi wachisanu ndi chitatu. Namwino anafunsa kuti, "Munali kuti nthawi yonseyi?" Tinali panja pa chitseko chake chomwecho, masabata asanu ndi awiri, tikufunafuna mwamuna! Inu mukanadziwa tsiku loyamba lomwe, ndi manja okha. Munkati wobwera ndi mimba safunsidwa kwawo, amafunsidwa mwezi. Namwinoyo anati pano sangachirire, apite ku chipatala chachikulu kutsidya la Shire madzi asanakwere. Mvula inali itayamba kale kumapiri, ndipo mukudziwa kuti Ruo akakwiya, ife a mbali ya Makhanga timasanduka chilumba.

Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Amayi a mpingo anabwera asanu kudzandipepesa, nkhope zamaliro, maso akusuzumira kuchipinda kuti amuone mkazi wamng'onoyo. Mmodzi anandigwira dzanja n'kuti, "Limbani mtima, amuna ndi ana." A Lufeyo awaimitsa kaye kuwerenga zolengeza mpaka akulu atakhala pansi. Ndinafuna kukafotokoza, koma ndikafotokoza ndamugwetsa namwino uja, ndi akabaza omwe, ndi amayi onse amene amalowera pakhomo limenelo. Ndiye ndavomera. Ndili pa mitala, Amayi. Mundifunire zabwino.

Chovuta chinali Rozina mwini. Nditamuuza za kuwoloka anangokana m'Chisena, "Nkhabe." Ndinamufotokozera m'Chimang'anja, ndinamufotokozera m'Chisena changa chothyokathyoka, iye nkhabe basi. Zuze akudziwa nyumba imodzi yokha m'Malawi muno. Akadzafika n'kupeza kulibe, adzaganiza chiyani? Anayankha ndi a Lufeyo, amene chiyambire nkhaniyi sanamuyang'anepo kumaso. Anati, "Mwana wanga, pita. Ine ndikhala pakhonde pano. Kutchalitchi andipatsa tchuthi, ndilibe kopita. Akabwera ndimubweretsa ndekha, ndikamubwezere udindo wake." Anapitanso padooko kukauza eni mabwato onse dzina la Zuze. Rozina anangothokoza m'Chisena, "Takhuta, baba," n'kuyamba kumanga kamtolo kake. Zaka zonsezi munkati ndinakwatiwa ndi munthu wofatsa mopitirira. Bwezani mawu amenewo.

Tinawoloka Lachiwiri, madzi atafiira kale, zinyalala zikuyandama. Pa chipatala chachikulu mlembi anatenga kabuku, anawerenga dzina la pensulo lija, n'kundiyang'ana.

"Inu ndinu ndani wake?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambire pa nkhondo yakale, pa khitchini yathu, pa Malita. Ndinaona mzere kumbuyo kwanga, ndinaona Rozina atagwira msana. Ndinati, "Mkazi mnzake. Wamkulu ndine." Analemba osafunsanso. Chilungamo chinatiyendetsa masabata asanu ndi awiri osatifikitsa, bodza linatilowetsa mlembi asanameze mate.

Kalatayi ndikulembera kuchidikiro, masana, pansi pa mtengo pomwe odikirira odwala timaphikira. Pano pali amayi ena atatu a ku Mozambique. Sindinawafunse kuti analowa ndi amuna a yani. Rozina akumwa mankhwala owonjezera magazi, zikope zayamba kubwerera. Adokotala ati mwana akapanda kutembenuka amuchita opaleshoni Lachinayi likudzali. Za Zuze kulibe. Foni ikalira Rozina amadzuka msanga kuposa mmene munthu wa mimba yotere ayenera kudzukira, ndipo nthawi zonse amakhala a Lufeyo, akufunsa ngati tadya.

Ngati Zuze wafika kumeneko, Amayi, mumulandire, mumuuze kuti mkazi wake anaipeza nyumba ija. Koma ngati simunamuone, musamuitane. Mubwezeni pachipata, mumuuze kuti abwere ndi kalata ya amfumu.

Ine ndikulonjezani ziwiri. Sindichoka pano mpaka nditamva mwanayo akulira. Ndipo chofufutira ndagula kale, ndachimanga pa mfundo ya chitenje. Dzina la pensulo lija sindilola munthu alidinde ndi bolopeni mpaka mwini mzerewo atabwera, kapena mpaka inu mutandiuza kuti ali nanu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koposa chaka chino.

Ndine mwana wanu,
Dorika, mkazi wamkulu