Zimbale Ziwiri za M'sutikesi Yanu

Mufakose, Harare

Amayi,

Kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ndilipo, m'nyumba yomweyi, ndekha monga munandisiyira.

Ndiyambe ndi za pakhomo, chifukwa munkadana ndi kalata yothamangira nkhani. Mvula yatinamiza kachiwiri. Kamunda kanu ka kumtsinje ndinakalima, koma chimanga chinafota chisanamasule, ndipo chomwe ndakolola sichinadzaze thumba. Mpeyala wokha ndiwo wabereka, ndipo ana a khomo loyandikana akundithandiza kukolola ndi miyala. Kusukulu ana achuluka chilandirire ufulu, moti chipinda chimodzi chikulandira magulu awiri, lina m'mawa lina masana. Dzina lakale la mzinda uno, la Sozibele, lafufutidwa pa mabasi onse, koma ndikudziwa kuti inu mukanapitiriza kulitchula.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mng'ono wanga Yotamu ali ndi mwana wamkazi. Anabadwira ku Mabvuku mwezi wathawu, ndipo am'patsa dzina lanu. Ine sindinauzidwe. Ndinamva kwa mayi wina wa mumpingo pokwerera basi, amene anandigwira chanza poyesa kuti ndikudziwa kale. Ndinathokoza ngati wodziwa.

Muyenera kumva chifukwa chake, pakuti zinachitika inu muli chigonere pakati pathu. Miyezi yanu yomaliza ine ndinali ku Gweru, ku maphunziro a aphunzitsi aakulu, ndipo ndinafika tsiku limodzi mochedwa. Yotamu ndiye anasiya nyumba yake n'kudzakhala nanu kuno, akudutsa tauni yonse m'mawa uliwonse kupita ku ntchito yake ya simenti. Pa maliro anam'patsa kuti anene mbiri yanu. Analankhula bwino, koma anaphonya chaka chomwe munafika kuno kuchokera ku Dedza. Ine ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kumukonza, ndi kutchulanso chitupa cha Bambo monga umboni. Zomwe ndinanena zinali zoona. Titachoka kumanda anandipeza kuseri kwa nyumba nati, "Achimwene, inu mukudziwa chaka chomwe Amayi anabwera. Ine ndikudziwa ola lomwe anapita." Kuyambira pamenepo sanandilankhulenso.

Tsiku lotsatira panali kugawa katundu wanu, monga tinatengera kwa anzathu akuno. A Nkhoma, mkulu wa mpingo uja, anayala mphasa pabwalo n'kutsegula sutikesi yanu yachitsulo. Pansi pa bulawuzi yanu yoyera ya Lachinayi anapeza zimbale zathu ziwiri zija, za gulu la anyamata a ku Mangalande atsitsi lofika m'mapewa. Munkazibisa kumeneko kuti akuluakulu a mpingo akabwera asazione, ndipo popeza zinapezeka mwa zanu, zinawerengedwa zanu. A Nkhoma sankadziwa kuti chachikasu chinali changa, chobiriwira cha Yotamu, ndi kuti takhala tikukangana za izo kuyambira tili anyamata. Anaziyang'ana uku ndi uku, naika chobiriwira m'manja mwanga. Chachikasu, pamodzi ndi galamafoni, anapatsa Yotamu. Lamulo mukulidziwa: chomwe waikidwa m'manja pa mphasa ya malemu umachilandira ndi kuwomba m'manja, suchikana ndipo suchisinthanitsa. Tonse awiri tinawomba m'manja osayang'anana. Motero aliyense anapita ndi chimbale chomwe wakhala akuchinyoza zaka zonsezi, ndipo ine ndinalibe ngakhale pochiimbira.

Ndikudziwa kuti kwa inu zonse zinali phokoso. Chachikasu munkachitcha chigayo, chobiriwira munkati maliro a mzungu. Komabe ndiloleni ndikuyalireni mlandu wanga, popeza simunandipatsepo mpata woumaliza. Chachikasu ndicho choyamba cha gululo, ndipo ndimati ndicho chopambana chifukwa chilibe chobisa. Anthu anayi ali m'chipinda chimodzi, osauka, osadziwika, ndipo umamva kuti aliyense akumvetsera mnzake. Woimba ng'oma amachedwa pang'ono dala, kachigawo kochepa kwambiri ka mphindi, ndipo kuchedwa kumeneko ndiko kumapatsa nyimbo kulemera. Gitala salankhula pokhapokha ali ndi chonena. Chobiriwira anachijambula atalemera. Anawonjezamo limba ndi zitoliro, anasalaza mawu a woimba, ndipo nyimbo yachitatu ya mbali yachiwiri, yapang'onopang'ono ija, imatenga nthawi yomwe nyimbo zitatu zabwino zikanakwanamo. Yotamu ankayankha kuti chachikasu ndi anyamata ofuna kuonetsa mphamvu, pomwe chobiriwira ndi amuna amene aphunzira kukhala chete. Ndinkamuuza kuti imeneyo si mfundo koma maganizo chabe. Iye ankati, "Nanga zanuzo ndi chiyani, masamu?" Apo inu munkatulukira ndi chikho m'manja n'kunena kuti, "Azungu anu omwewo akudya kwawo, inu simunadye."

Patatha miyezi itatu chichitikire maliro ndinaganiza zoyamba ine kulankhula. Ndinam'lembera kalata ya masamba anayi, yofotokoza mwadongosolo zifukwa zisanu zomwe chachikasu chimaposera chobiriwira. Ndinkakhulupirira kuti sangathe kupirira osayankha, ndipo kuti akayankha, ngakhale mwaukali, tidzakhala tayambanso kulankhulana. Za ku maliro sindinatchulemo liwu limodzi. Yankho silinabwere. Lero ndikuona kuti munthu amene wakonzedwa pamaso pa anthu, kenaka n'kulandira masamba anayi omukonzanso, sangaone chikondi pamenepo. Panthawiyo sindinaone.

Chomwe sindinayembekezere, Amayi, ndi kuchepa kwa Chichewa m'kamwa mwanga. Kusukulu ndi Chingerezi, pamsewu ndi Chishona, kumpingo achinyamata amayankha m'Chishona ngakhale uwafunse m'chinenero chathu. Inu mutapita, Yotamu atatseka pakamwa, ndinapeza kuti pamatha sabata yathunthu osanena liwu la kwathu kwa munthu wamoyo. Sindinadziwe kuti mkangano wa zimbale uja ndiwo unali malo aakulu omwe ndinkalankhulira Chichewa momasuka, chotukwana ndi choseka chomwe.

Nditamva za mwana, Loweruka lapitali ndinakulunga chobiriwira m'nyuzipepala, ndinagula kansalu ka khanda, n'kukwera mabasi awiri kupita ku Mabvuku. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Mipopi inali youma, ndipo mlamu wanga anali atangobwera kumene ndi ndowa. Anandilandira bwino, nandiika mwana m'manja. Ali ndi chipumi chanu. Yotamu anatuluka kuchipinda, nakhala pampando wa kutali, n'kundilonjera m'Chishona, mwaulemu wonse, monga amalonjerera woyendera nyumba wa kukhonsolo. Anandifunsa za ulendo, za sukulu, za mvula. Ndinayankha m'Chichewa, iye anapitiriza m'Chishona. Sindinamvepo kutalikirana ndi munthu ngati pamenepo, tili m'chipinda cha mapazi ochepa.

Ndinamasula nyuzipepala n'kuika chimbale patebulo. Anachiyang'ana nati, m'Chishonabe, chinthu cha pa mphasa sichibwezedwa.

"Sindikubweza," ndinatero. "Ndi changa. Koma ndilibe galamafoni, ndipo ndabwera kudzapempha kuti ndimvere chinthu changa."

Kenaka anachotsa kansalu koluka pa galamafoni, napukuta singano ndi chala monga ankachitira kale. Sanayambe ndi mbali yoyamba. Anatembenuza, naika singano pa nyimbo yachitatu, yaitali ija. Inayamba ndi phokoso ngati la mvula pa malata. Gitala ankamveka kutali, ndipo pakati singano inalumpha kawiri. Nyimbo zina zonse pa chimbalecho n'zoyera, iyi yokha ndiyo yaperepeseka. Chizolowezi changa chinanditsogolera, ndipo ndinati singano yake yatha, waononga chimbale.

Apo ndi pomwe analankhula Chichewa. "Singano ili bwino, achimwene. Nyimboyi yatha ndi kuimbidwa. Amayi ankaifuna tsiku lililonse ndikaweruka."

Ndinati sizingatheke, chifukwa inu munkaitcha maliro a mzungu.

"Ankaitchabe choncho. Ankati, 'Yotamu, ika maliro a mzungu aja.' Ndikaika, ankati, 'Tsopano nena zomwe akananena akulu ako.' Ndiye ine ndinkaima apo n'kukhala inu. Ndinkakweza chala chonchi, n'kumati, choyamba, limba ili n'losafunika; chachiwiri, woimba ng'oma wagona. Ankaseka mpaka kutsokomola. Kenaka ankati, 'Muyankhe tsopano.' Ndinkakangana ndekha, mbali zonse ziwiri, mpaka agone. Asanagone ankandiuza ndibwezere chimbale m'sutikesi, a Nkhoma angachione."

Ndinakhala ndi mdzukulu wanu m'manja mpaka nyimbo inatha, singano ikuzungulira pakati popanda woichotsa. Kenaka ndinamuuza kuti pa maliro paja ndinalakwa. Ndinaonjeza kuti chaka ndinanena chinali cholondola, koma kuimirira kunali kulakwa. Mlamu wanga anaseka kukhitchini. Yotamu anapukusa mutu nati, "Ngakhale kupepesa mumaika mawu a m'munsi ngati m'buku." Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinam'funse.

Ndakhala ndikuganizira nkhaniyi sabata yonse, ndipo ndiyenera kukhala woona kwa inu. Kuti munkakonda kumva nyimbo ija sikusintha kapangidwe kake. Limba lija likadali losafunika, ndipo nyimboyo ikadali yaitali kuposa zomwe ili nazo. Ndimakhulupirirabe kuti chachikasu ndicho chopambana. Koma ndazindikira kuti kwa zaka zonsezi ndinkayesa kuti cholinga cha mkangano wathu chinali kupeza wolondola, ndipo ndinkadabwa kuti bwanji mnyamata wanzeru ngati Yotamu sakugonja pa umboni woonekeratu. Inu munkadziwa kuti tsiku lomwe mmodzi adzagonje, m'nyumba mudzakhala zii. Ndayesa zii ameneyo kwa chaka, ndipo sindikumufunanso.

Anandiperekeza kokwerera basi, zomwe sindinayembekezere. Tinayenda, fumbi la simenti likutiyeretsa nsapato. Basi itaonekera anati, "Kalata yanu ija ndinawerenga. Mfundo yachitatu, ya woimba ng'oma, mwanama. Sachedwa dala, ndi wosadziwa kuimba basi." Ndinati ndingathe kumuonetsa pa nyimbo yachiwiri ya chachikasu kuti akulakwitsa. Anati, "Chachikasu ndi changa tsopano. Mukafuna kuchimva mubwere nokha, ndipo mubwere ndi chobiriwira, chifukwa sindingakusiyeni mulankhule opanda wokutsutsani." Kondakitala anali akukuwa, ndipo ndinakwera ndisanayankhe.

Ndinafika kuno dzuwa likulowa, chimbale chili m'khwapa. Nyumba inali monga ndinaisiyira, kapu imodzi patebulo. Sindikunamizani kuti zonse zakonzeka. Sindikudziwa ngati adzandiuza mwana akadzadwala, kapena ngati adzabweranso kudzakhala m'nyumba muno ngakhale kwa ola limodzi. Chomwe ndili nacho ndi Loweruka likudzali, mabasi awiri, ndi mfundo yachitatu yoti ndiiteteze.

Ndikulonjezani ichi, Amayi. Ndidzapita Loweruka, ndi Loweruka linalo. Ndidzatsutsa ndi mphamvu zanga zonse, chifukwa akazindikira kuti ndikum'lekerera adzakwiya koposa. Koma ndikadzaona kuti ndatsala pang'ono kupambana, ndidzapempha tiyi.

Mupereke moni kwa Bambo. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu woyamba,
Fanuweli