Mfuti Yaifupi ya Bambo a Ivy

Lachiwiri, 5 Sepitembala 2006

Bambo a Ivy ameta ndevu. Ameta, asamba, adya mbale yonse mpaka kupempha zowonjezera. Munthu amene wakhala chigonere pa sofa kuyambira Januwale, pamene amayi awo anamwalira kwathu ku Chegutu iwo osapita kukaika, poti mapepala athu salola kubwerera. Ndimayenera kuvina. Sindikuvina.

Chowadzutsa ndi mfuti. Sabata yatha ndinawakakamiza kupita ku ganyu ya ejensi yopezera anthu ntchito, kukonza mpanda ku famu ina ku Essex. Mzungu woyang'anira nkhalango kumeneko, a Paterson, anawapeza atawerama akutsata mapazi a gwape m'matope. Macheza macheza, amuna angawo, a Zacheus, n'kuulula kuti kwathu anali mlenje wa pa famu, isanalandidwe. A Paterson ati agwape achuluka, akumaliza mitengo, akufuna wowathandiza kuwombera. Koma akhale ndi mfuti yakeyake ndi chilolezo cha apolisi.

Ndiye patebulo magazini a mfuti okhaokha. Mu London muno, ku Edmonton, abale! M'fulati ya pamwamba pa shopu ya nkhuku zokazinga, lendi ikutifinya pakhosi.

Ndilembe zoona, poti muno sawerengamo munthu. Mu Meyi anandiuza, maso ali kudenga, "Shuvai, bwenzi zili bwino ndikanangogona osadzukanso." Ndinati musamatero, n'kutenga chikwama kupita kuntchito. Nkhaniyi sitinaibwerezenso. Lero mawu aja andibwerera ndili pasinki. Ndikuopa kuti mfutiyi sakufunira agwape. Akufunira iwo eni.

Loweruka, 9 Sepitembala

Ku shopu ya mfuti. Ivy tamusiya kwa Anti Gladys, ife sitima pa Tottenham Hale. Ndinadziitana ndekha. Ati akazi kumeneko akatani, ndati ndikaone chimene chikudya ndalama zanga.

A Paterson anali atafika kale. Munthu wabwino, wankhope yofiira, amalankhula ngati tonse ndife ogontha. Iwo amafuna mfuti ya bawuti, ija umakoka chitsulo cha pambali, yaitali, ya galasi loonera patali pamwamba pake. Ati agwape akuno amaima kutali m'munda poyera, ndipo lamulo limafuna chipolopolo champhamvu chogwetsa nyama kamodzi. A Zacheus kumangogwedeza mutu, maso ali kwina. Pa ya liva, ija umatsitsa chitsulo cha pansi ndi zala, chipolopolo n'kulowa chokha. Amaitcha sate-sate, yofanana ndi imene ankagwira ku famu.

Wogulitsa anawapatsa yopanda zipolopolo. Mayo ine, manja aja! Kwatcha, kwatcha, osayang'ana n'komwe. Ndinaona mwamuna amene ndinakwatiwa naye, uja ankalowa mu komboni ndi nguluwe pa thirakitala ana akumuthamangira. Misozi inalengeza. Ndinati Shuvai, ndiwe mfiti, ukuganizira zoipa munthu akuchira.

Kenaka anafunsa ngati ilipo yaifupi. Anawatulutsira. Anaiyesa, n'kufunsanso ngati ilipo yaifupi kuposa pamenepo. A Paterson anaseka, ati ikafupika kwambiri imachepa mphamvu, apolisi atha kukana. Nanga galasi? A Zacheus ati, "Sindikufuna kuona patali."

Munthu amene chaka ndi chaka ankadandaula kuti bwana wa pa famu akumumana galasi. Ndinapempha chimbudzi.

Asankha yaifupi yomweyo. Wogulitsa awasungira mpaka chilolezo chituluke.

Lachiwiri, 12 Sepitembala

Kuchipatala mutu sukugwira. Ndasambitsa gogo wa pabedi la pakona kawiri, wa pawindo osamusambitsa. Sisitala wandikalipira pamaso pa odwala. Anali kukhoza.

Kunyumba mpopi wa kubafa wakonzedwa, umene wakhala ukudontha chilowereni muno. Bambo a Ivy andionetsa potsekera madzi pansi pa sinki. Andionetsa kusintha fyuzi. Ndati mukundiphunzitsiranji, inu mukupita kuti? Ati mkazi wa ku London azidziwa zinthu.

Suti yawo yakuda apatsa Simba, mwana wa mchemwali wawo. Ati yawathina. Yawathina bwanji munthu atatha ngati bango?

Koma akuimba m'bafa. Akuthandiza Ivy masamu, mwana mpaka kundifunsa m'Chizungu kuti adadi amwa chiyani. Nanga bwanji ngati wopenga ndine? Ndiwalande chinthu chimodzi chokha chimene chawadzutsa, abwerere pa sofa, ndidzati ndapulumutsa ndani? Ambuye, ndiuzeni chochita. Mutu ukuwawa mbali imodzi.

Lamlungu, 24 Sepitembala

Titatuluka m'tchalitchi ku Tottenham ndinakokera Anti Gladys kukhitchini ya holo. Ndiwo nkhoswe yanga kuno. Ndinawauza zonse, za Meyi, za suti, za kushopu. Mawu oti kudzipha anandikanika, ndinangoti angadzipweteke.

Ndimagwira ntchito m'chipatala, madokotala ndimapatsana nawo moni tsiku lililonse. Koma ndinalangizidwa kuti nkhani ya m'banja imayambira kwa ankhoswe, ukailumphitsa wanyoza anthu. Ndiye ndayambira kwa ankhoswe.

Anti anagwira pakamwa. Ati imeneyi ndi yaikulu, sangasenze okha, akauza a Morton, malume a bambo a Ivy amenenso ndi nkhoswe yawo. Ndinapempha kuti a Zacheus asamve kaye. Ati mwana iwe, mlandu sitiweruza mwini wake palibe.

Pobwerera ndamva kwa Simba kuti a Morton omwewo ndi amene anasainira apolisi ngati mboni, kuti a Zacheus ndi munthu wa mutu wabwino. Ndakasuma kwa mboni yawo. Koma ine, uchitsiru!

Lamlungu, 1 Okutobala

Bwalo la ankhoswe kwa a Morton ku Ilford. Amuna pamipando, ine ndi Anti pa kapeti. Fanta patebulo palibe anaikhudza.

A Morton anafotokoza nkhani yanga yonse mokweza, ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Ine maso pansi. A Zacheus anamva mpaka kumapeto, kenaka anaseka pang'ono. Ati mayi a Ivy atopa ndi mashifiti. Ati za Meyi zinali za maliro, ndani salankhula zopanda mutu mayi ake atamwalira? Analankhula bwino, mofatsa, mpaka ine ndemwe kuyamba kudzikayikira.

Chigamulo: wolakwa ndine. A Morton ati, "Ku mtundu kwathu kulibe wamisala, mayi. Mwamuna akadzuka musamukoke mwendo." Anti anayesa kunena kuti mwina aonane ndi dokotala, a Morton ati dokotala akangolemba m'kompyuta kuti munthu wadwala mutu, basi, mapepala asokonekera, ndipo anthu a boma abwera kudzatenga mwana. Kaya ndi zoona kaya ayi.

Andilamula kuti wapolisi akabwera kudzaona nyumba nditseke pakamwa. Za m'nyumba sitiuza alendo. Ndinagwada, ndinapepesa amuna anga, ndinapepesa malume. Anandikhululukira msangamsanga.

Mu basi anandigwira dzanja. Chikwatiranireni sanandigwirepo dzanja pagulu. Ndinafuna kukuwa.

Loweruka, 14 Okutobala

Kabati yachitsulo yosungira mfuti yafika. Mwini nyumba analola, aiboolera kukhoma m'kati mwa wadiropu, madiresi anga akankhidwira kumbali. Yaitali, yotuwa, mulibe kanthu. Ndikamatenga yunifolomu ndimaigunda ndi chigongono.

Ndinali ndi nzeru imodzi yotsala: mfuti ikabwera ndizisunga makiyi ndine. Lero bambo a Ivy andiuza kuti lamulo la kuno silitero. Wopanda chilolezo, ngakhale mkazi wa m'nyumba, asadziwe n'komwe pamene pali makiyi. Ndafunsa Simba ayang'ane pa intaneti. Ati ndi momwemo.

Ndiye ndatsala ndi chiyani? Manja ali m'khosi.

Ndayamba kubwerera kunyumba nthawi ya buleki, basi kupita basi kubwera, kungosuzumira. Ndimawapeza akupukuta nsapato za kutchire, akumwetulira.

Lachinayi, 26 Okutobala

Wapolisi wa za mfuti wabwera. Mzimayi, wamkulu ndithu, wosavala yunifolomu. Wagwedeza kabati, wayang'ana maloko a chitseko, wafunsa za famu ya a Paterson. Nayenso anadabwa ndi kufupika kwa mfuti. A Zacheus anayankha bwino, ati m'zitsamba zothinana yaifupi ndi imene imatembenuka msanga. Chizungu chawo lero chinali chosalala ngati cha pa wailesi.

Ine tiyi ndi mabisiketi, kugwada pang'ono poika thireyi, mzimayi mpaka kuchita manyazi.

Akunyamuka anatembenukira kwa ine. Anafunsa ngati ndili wokondwa kuti m'nyumba mukhale mfuti, ngati pali china chondidetsa nkhawa. Anandiyang'ana m'maso, osathamanga. A Zacheus ali pambali panga. Mawu a a Morton ali m'khutu.

Ndinati eya, ndili wokondwa.

Ndinatero ine. Ndi pakamwa panga pomwepa. Anasiya kakhadi ka foni yake pa tebulo n'kutsika masitepe, ine kumvera phazi lililonse mpaka chitseko cha pansi.

Ndasanza. Mpunga wa madzulo wapserera.

Lachisanu, 27 Okutobala

Ndamuimbira foni wapolisi uja.

Kuseri kwa chipatala, pamene amatsitsira nsalu zochapa, mvula ikuwaza. Ndinadula kaye isanayankhidwe. Ndinaimbanso. Chizungu chonse chinathawa, ndinangoti dzulo ndinanama. Mzimayi uja ati ndilankhule pang'onopang'ono, ali ndi nthawi. Ndipo mawu aja anandikanika kwa Anti ndinawanena kwa mlendo, m'chilankhulo cha eni: mwamuna wanga akufuna kudzipha.

Ati ndachita bwino. Ati alankhula ndi dokotala wathu, ndipo dzina langa sadzalitchula, koma sangalonjeze kuti a Zacheus sadzazindikira. Ndinafunsa za mwana. Ati iye ntchito yake ndi mfuti, sanabwere kudzatenga mwana wa munthu. Wandipatsa nambala yoimba zinthu zikavuta mwadzidzidzi.

Ndaphwanya mawu a ankhoswe. Ndatengera za m'nyumba kupolisi, mkazi wolangizidwa ine. Mayi anga akanakhala moyo bwenzi atafunda nsalu kumaso. Ndipo ngati ndalakwitsa, ngati munthuyu amangofuna kukhalanso mlenje, ndamupha ndekha popanda mfuti.

Ndafika kunyumba andiphikira tiyi. Ndamwa.

Lachitatu, 15 Novembala

Sindinalembe. Ndikanalemba chiyani? Kudikira basi, kudya nawo mbale imodzi ndi chinsinsi pakhosi.

Lolemba mzimayi uja anabwera yekha kudzawauza kuti chilolezo chakanidwa. Sananditchule. Panalibe chifukwa chonditchulira, a Zacheus anangondiyang'ana kamodzi. Dzulo a Morton pa foni, kukuwa mpaka Ivy kumva kuchipinda. Ati ndachititsa manyazi mtundu wonse, ati unkhoswe autula, ati mkazi wotere kwawo amamubweza ndi katundu wake. Ndati chabwino malume. Anti Gladys sakuyankha foni.

Bambo a Ivy chiyambire Lolemba osalankhula, osadya. Ndevu zayambanso. Ndinati basi, ndawabwezera pa sofa, ndalakwitsa.

Lero m'mawa, nditaperekeza mwana kusukulu, ndawapeza atakhala pansi m'khitchini, msana ku filiji. Ndinakhala nawo pansi pomwepo, jekete osavula. Kenaka ati, "Munadziwa liti, mayi a Ivy?"

Ndimayembekeza kuti akalipe, andinene kuti ndine wabodza. Bwenzi zili bwino akanatero.

Ati, "Malo ndinali nditasankha kale. Kutali, m'kati mwa nkhalango, kuti wondipeza asakhale inu kapena mwana."

Analira. Sanalire atamenyedwa pamene famu inkalandidwa, sanalire mu Januwale. Lero alira ngati mwana, mutu pa mawondo anga, mamina pa yunifolomu. Inenso. Shopu ya pansi inali itayamba kukazinga, fungo la nkhuku kumalowa pawindo, ife tili pansi.

Ndaimbira dokotala iwo akumva. Atipatsa malo masana ano. Kuntchito ndati sindibwera, andichotse ngati akufuna.

Bambo a Ivy ati sakudziwa ngati andithokoze kapena adane nane. Ndati danani nane muli moyo.

Akuvala nsapato. Ndisiye apa asanasinthe maganizo.