Kanjerewere ka pa 5

Lachiwiri, 4 Juni

...ndiye wogulitsa mafoni uja watulutsa shopu yonse, thukuta kamukamu, bambo akungopukusa mutu. Mafoni ogusa onse akana. "Galasi lopanda batani ndi la pawindo," atero. Telala wa zaka zonsezi, ungamuuze chiyani za mabatani?

Vuto ndi maso. Ng'ala. Achemwali alamula: bambo akalephera kuimba foni okha, Loweruka akuwatenga, azikakhala kwawo, mashini osokera atsekeredwe. Bambo opanda mashini awo? Sangathe mwezi.

Lachitatu, 5 Juni

Tabwererakonso. Ine kutsogolo, katswiri wa mafoni dziko lonse lapansi. Bambo atsinzina, ayamba kupapasa mafoni ngati akusankha nsalu ya suti. Chala chaima pa kena kakuda, konyansa, mabatani ngati a jasi. "Aka kali ndi kanjerewere pakati. Sindingasochere." Kadontho ka pa 5 kaja! Chala chimenechi chili ndi maso ake, ndithu.

Mtengo ndanenerera mpaka wogulitsa kufuna kundipatsa ulere. Komabe thumba langa lapepuka, mwezi uno ndiyenda wapansi.

Lachinayi, 6 Juni

Sukulu. Mphunzitsi ine. Batani la pamwamba pa kanjerewere likuimbira ine, la pansi pake achemwali. Malinga ndi nzeru.

"Imbani, bambo." Iwo: "Kwaya ndinasiya kale."

Sizinayende. Akumadina batani lofiira. Tochi yayaka m'thumba la shati tsiku lonse, bambo kuwala ngati chiphaniphani. Taseka. Koma achemwali agula kale matiresi. Mtima wanga suli m'malo.

Loweruka, 8 Juni

Achemwali afika ndi galimoto ya hayala, zikwama zopanda kanthu, nkhope ngati woweruza. Bambo pa mpando wa mashini, osadzuka. Atulutsa kafoni, akabisa pansi pa nsalu, atsinzina. Chala chikufufuza.

Kenako m'chikwama cha achemwali, foni kulira!

Achemwali ayankha ali chiimire pamaso pa bambo. Bambo kafoni kukhutu, mwaulemu wonse: "Halo, mwanangu. Uli bwanji kumeneko? Matiresi aja ugonepo wekha. Ndili ndi buluku la munthu pano."

Achemwali misozi chuchuchu. Ine ayi, linali fumbi la nsalu chabe. Mdala ameneyu! Akanapita kusukulu bwenzi akuyendetsa ndege chotsinzina.

Lamulungu, 9 Juni

Dzulo ndinalemba fumbi. Bodza. Shopu ya bambo ilibe fumbi, amasesa okha. Mawa atsegula.