Parachuti Pakona

Mojave, California
4 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Marlene,

Mukukumbukira kandege kopopera mankhwala kamene kanagwa m'munda mwa a Hollis tili ana? Inu munanditseka m'maso ndi dzanja, koma fungo la chimanga chopserera linandipezabe. Sabata ino lakhala likundibwerera, chonsecho kuno ndi mchenga ndi mphepo basi.

Tinyamuka mawa, ine ndi Dwight, woyendetsa ndege, pa ulendo wozungulira dziko lonse lapansi osatera. Ntchito yanga ndi kusamutsa mafuta m'matanki kuti ndege isapendekeke. Pali chimene anyuzipepala sanalembe: ndegeyi sinaulukepo itadzaza mafuta. Kuiyesa sikutheka, chifukwa ikadzaza singaterenso, mapiko angathyoke ikangokhudza pansi. Masamu a mapikowo ndinachita ndine. Ndawabwereza kambirimbiri, akutuluka bwino, koma mtima ukukana kukhazikika.

M'mawa uno tinayeza katundu pasikelo. Zigwiriro za misuwachi tinadula kale, penti tinapala, komabe tikulemera, ndipo mafuta sangatikwanire kuzungulira dziko osatera. Dwight anangonyamula parachuti yake n'kuiponya pakona. Akuti pakati pa nyanja chinthucho chimangochedwetsa maliro.

"Nanga iwe, Pulofesa?" anandifunsa akuseka. "Mapikowa si ako? Kapena pali kanthu kamene sunatiuze?"

Amakaniko onse anasiya ntchito n'kundiyang'ana. Ndikanaikakamira yanga, akanadziwa kuti ndikukayika, ndipo ulendo ukanaimitsidwa. Mwina n'zimene zimafunika. Koma umboni ndilibe, achemwali, ndili ndi mantha okha, ndipo inu mukundidziwa kuti ndimaopa ngakhale galu womangirira.

Amayi akafunsa, muwauze kuti ndili ndi parachuti yatsopano, yabwino kwambiri. Si bodza ayi. Izindidikira pakona pomwepo, pafupi ndi ya Dwight.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Vern, muwauze kuti bowa wawo uja ndimamukumbukirabe. Mwana wanu Josie mumupsompsone. Mabuku anga ali m'chipinda chapansi kwa amayi, musalole kuti anyowe. Akadzakula ndi ake.

A Gail, mkulu wa amakaniko, aima pakhomo kudikira kalatayi. Andifunsa ngati aitumize lero kapena aisunge kaye. Ndawauza kuti ayang'ane mapiko mawa tikamanyamuka, adzadziwa okha ngati n'kofunika kuitumiza. Ndikuipinda tsopano kuti ndiwapatse.

Ndine mlongo wanu,
Wendell